Mwana Wotsalira M'mbuyo m'Minda ya Tiyi: Mbiri ya Maphunziro Othandizira ku Chipinge ndi ku Chigwa cha Honde

Kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, m'chigawo cha Manicaland chimene chachita malire ndi Mozambique, kuli madera awiri amene mbiri ya sukulu zake siingafotokozedwe popanda kutchula tiyi. Dera loyamba ndi boma la Chipinge, kwawo kwa Andau, ndipo lachiwiri ndi chigwa cha Honde m'boma la Mutasa, chimene chagona kunsi kwa phiri la Nyangani ndi mathithi a Mtarazi. Konse kuwiriku mvula imagwa yambiri, ndipo kuyambira mu Novembala kufikira mu Epulo tiyi amaphukira mofulumira kwambiri moti mzere umene wathyoledwa lero umakhala ukufunanso manja pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri. Miyezi imeneyi ndi yomwenso chaka cha sukulu chimathera ndi kuyambira, popeza ku Zimbabwe teremu yoyamba imatsegulidwa mu Januwale, tiyi ali pachimake. Mwana wotsalira m'mbuyo, kutanthauza mwana amene wafika Giredi 5, yofanana ndi Sitandade 5 ya ku Malawi, koma kawerengedwe ndi masamu ake zili za Giredi 2, amapezeka m'sukulu za boma kulikonse, koma m'minda ya tiyi vuto lake lili ndi gwero lakelake. Thandizo lililonse lapadera limene sukulu ingapereke kwa mwana wotere limafuna choyamba nthawi yowonjezera, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 nthawi ya mwana wa pa esiteti yakhala ikulimbiranidwa ndi mwini munda, kholo ndi mphunzitsi, ndipo mwa atatuwa mphunzitsi ndiye wakhala wochepa mphamvu.

Tiyi woyamba wa malonda m'dzikolo anabzalidwa mu 1924 pa munda wa New Year's Gift ku Chipinge, pa nthawi imene ku Mulanje mbewuyi inali italimidwa kale kwa zaka zoposa 30. Oyambitsa anali Arthur Ward ndi Grafton Phillips, azungu amene anagwirapo ntchito ya tiyi ku Assam m'dziko la India, ndipo popeza munda wawo unali pamalo osowa mvula, ankauthirira ndi madzi a mtsinje wa Tanganda, umene pambuyo pake unapereka dzina ku kampani yawo. Kampaniyo itakula inatsegula minda ina m'mapiri a mvula yambiri kufupi ndi malire, monga Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Avontuur. Ku Honde tiyi anafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1950, pamene minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands inatsegulidwa, kenako panadza munda wa boma wa Katiyo pamodzi ndi alimi ang'onoang'ono amene amalima tiyi m'minda yawo ndi kugulitsa masamba ku fakitale ya esiteti. Manja othyola tiyiyu anachokera kwa Andau ndi Amanyika a komweko, kwa anthu a ku Mozambique ongodumpha malire, komanso kwa anthu a ku Nyasaland, amene ankadzera ku Tete ndi kuwoloka Zambezi pa ulendo wa ku Halale. Mgwirizano wa 1936 pakati pa maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, malole a Ulere amene ankanyamula ofuna ntchito kwaulere, ndiponso bungwe lolemba anthu ntchito limene linakhazikitsidwa mu 1946 ndipo anthu ankalitchula kuti Mthandizi, zonsezi zinachititsa kuti m'makomboni a mafamu ndi migodi ya dzikolo mudzaze anthu olankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chisena. Ambiri sanabwererenso kwawo, anasanduka matchona, ndipo ana awo anabadwira pa nthaka ya kampani, opanda mudzi wa makolo woti n'kuthawirako ntchito ikatha.

Boma la atsamunda linalamula mu 1930 kuti mwana aliyense wachizungu azipita kusukulu, koma maphunziro a ana achikuda linawasiya m'manja mwa amishoni, monga a American Board amene anatsegula Mount Selinda mu 1893 ndi Chikore mu 1895 ku Chipinge komweko. Pa nthaka ya azungu, kumene mishoni sikanamanga popanda chilolezo cha mwini malo, sukulu inkakhalapo pokhapokha mwini famu ataona kuti imuthandiza kukopa mabanja ndi kuwasunga pa ntchito, ndipo lamulo la 1926 lokhudza kulemba ntchito ana achikuda linali litatsegula kale njira yoti mwana alembedwe ngati wantchito. Ngakhale ndondomeko ya maphunziro ya 1966 inanena poyera kuti mwa ana achikuda omaliza pulayimale, 12.5 peresenti okha ndiwo apite ku sekondale ya maphunziro a m'mabuku, 37.5 peresenti apite ku sekondale ya ntchito zamanja, ndipo theka lotsalalo lisapite kulikonse. Sukulu yotere inali sefa, yopangidwira dala kuti ochepa adutse, ndipo n'chifukwa chake m'nthawi yonse ya atsamunda mwana wachikuda wotsalira m'mbuyo sankawerengedwa ngati vuto loti boma lilithetse. Iye ankabwereza kalasi ngati makolo anali ndi fizi, apo ayi ankangopatsidwa dengu.

Mu nthaka imeneyi ndi mmene munamera dongosolo limene latchukitsa sukulu za m'minda ya tiyi ya ku Chipinge, lotchedwa earn and learn, ndiye kuti kudzilipirira sukulu pogwira ntchito. Kampani ya Tanganda inamanga sukulu ndi nyumba zogona ophunzira m'minda yake, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene makolo ake analibe fizi ankatha kupeza malo, chakudya ndi pogona, malinga ngati wavomera kuthyola tiyi. M'nyengo ya mvula tsiku linkayambira m'munda kusanache bwino: wophunzira ankalowa pakati pa mizere yonyowa ndi mame atabereka dengu kumsana, kumathyola masamba awiri ndi nsonga yake ndi manja onse awiri ndi kumaponya kumbuyo osacheuka, mpaka nthawi yopita ku sikelo, kumene kalaliki ankalemba makilogalamu pa dzina lake. Malipiro ankawerengedwa potengera kulemera kwa masambawo, ndipo pa malipiro omwewo ankachotsapo za sukulu ndi za chakudya. M'kalasi ankalowa masana, dzuwa litapendeka, zala zitachita dzanzi ndi maso akulemera. Dongosololi linakhalapo kwa zaka makumi angapo, kuyambira m'nthawi ya atsamunda mpaka kulowa m'zaka za ufulu, ndipo linkakopa ana ochokera kumidzi youma ya m'chigwa cha Save ndi madera ena akutali, osati ana a m'komboni okha.

Michael Bourdillon, katswiri wa chikhalidwe cha anthu pa University of Zimbabwe, anafufuza sukuluzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zimene anapeza, zomwe zina zili m'buku la Earning a Life la mu 2000 limene iye anasonkhanitsa, n'zovuta kuziweruza mwachangu. Ophunzirawo ankadandaula za kutalika kwa maola a ntchito, za kutopa ndi za kusowa nthawi yowerenga, koma ambiri sankafuna kuti dongosololi lithetsedwe, chifukwa kwa iwo kusankha sikunali pakati pa sukulu ya ntchito ndi sukulu yopanda ntchito, kunali pakati pa sukulu ya ntchito ndi kukhala pakhomo. Mawu a anawo ayenera kulemekezedwa, ndipo anthu ambiri a ku Manicaland amene lero ali pa ntchito zabwino anadutsa m'sukulu zimenezi. Komabe pa nkhani ya mwana wotsalira m'mbuyo chiweruzo n'chosavuta. Dongosololi linkathandiza wosauka, silinkathandiza wovutika kumva phunziro. Malo a wophunzira pasukulu ankadalira ntchito yake m'munda, ndipo maola onse amene mphunzitsi akanakhala pansi ndi mwana wosadziwa kuchotsera kapena kulumikiza zilembo anali atagulidwa kale ndi sikelo. Wanzeru zachangu ankakhoza ngakhale atatopa, pamene wofuna kubwerezeredwa kawiri kapena katatu analibe ola loti abwerezeredwe.

Nkhondo ya ufulu inagunda madera a m'malire amenewa koposa madera ambiri, makamaka Mozambique italandira ufulu mu 1975 ndipo asilikali omenyera ufulu a ZANLA atayamba kulowera m'mapiri a kum'mawa. Mu Disembala 1976 antchito 27 a m'munda wa tiyi ku Honde anaphedwa usiku umodzi, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo mbali ziwiri za nkhondoyo zinalozana chala. Anthu a m'chigwacho anasamutsidwira m'midzi yotchingidwa ndi waya imene boma la Ian Smith linkati ndi yotetezedwa, ndipo sukulu zambiri zinatsekedwa kwa zaka. Motero pamene boma latsopano linalengeza mu 1980 kuti maphunziro a pulayimale ndi aulere, m'kalasi ya Giredi 1 munalowa ana a zaka 6 pamodzi ndi anyamata a zaka 12 kapena 14 amene nkhondo inawadyera nthawi. M'dziko lonse chiwerengero cha ana a pulayimale chinachoka pa 819,000 mu 1979 n'kupitirira 2 miliyoni pasanathe zaka zisanu, zofanana ndi zimene Malawi anadzaona mu 1994. Aphunzitsi ankaphunzitsidwa ali kale pa ntchito kudzera m'ndondomeko ya ZINTEC imene inayamba mu 1981, sukulu zambiri zinkaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana, ndipo pofuna kuti malo apezeke, boma linatsata mfundo yoti mwana azikwera kalasi chaka chilichonse kaya wakhoza kaya walephera. Mfundo imeneyi inathetsa nkhanza ya sefa ija, koma inabala mtundu watsopano wa wophunzira, wofika Giredi 7 osadziwa kuwerenga ndime imodzi.

Yankho la boma linabwera kudzera ku nthambi ya unduna wa zamaphunziro yotchedwa Schools Psychological Services, imene ntchito yake ndi kuyeza ndi kuthandiza ana ovutika pa maphunziro. Kalata ya mkulu wa zamaphunziro ya nambala 12 ya mu 1987 inalamula kuti sukulu iliyonse ya pulayimale ikhale ndi maphunziro okonza zofooka, amene aphunzitsi a kumeneko amangowatchula kuti remedial. Ana ankayezedwa pofika Giredi 4, ndipo osankhidwa anali amene nzeru zawo zinali zapakati kapena zopitirira apo koma atatsalira pa phunziro limodzi, kaya kuwerenga kaya masamu. Ankaphunzira m'kagulu kochepa, kawiri pa sabata, kawirikawiri masana anzawo ataweruka, ndipo wowaphunzitsa anali mphunzitsi wa pasukulu yomweyo amene anali kale ndi kalasi yakeyake, wopanda malipiro apadera, woyang'aniridwa ndi mlangizi wa ku likulu la boma. Ganizo lake linali lanzeru, pakuti Giredi 4 ndi pamene, malinga ndi lamulo la maphunziro la chaka chomwecho cha 1987, Chingerezi chinkayamba kukhala chiyankhulo chophunzitsira maphunziro onse, ndipo mwana amene wafika pamenepo asanagwire kuwerenga amatsalira pa phunziro lina lililonse.

M'minda ya tiyi ndondomekoyi inakumana ndi zopinga zimene oilemba ku Harare sanaziwerengere. Ola la masana, limene kalatayo inkaliona ngati lopanda mwini, pa esiteti linali ndi eni ake kale. Kumene kunali earn and learn, masana ndiyo inali nthawi ya sukulu yeniyeniyo; kumene kunalibe, mwana wa m'komboni ankaweruka n'kupita kukathandiza amayi ake kumaliza mgwazo, ndiye kuti muyeso wa ntchito ya tsiku umene kapitawo wapereka, kapena ankatsala pakhomo kulera mng'ono wake kuti amayiwo athyole ndi manja onse. Kwa alimi ang'onoang'ono a ku Honde nkhani inali yomweyo, chifukwa masamba akathyoledwa ayenera kufika pa sikelo tsiku lomwelo asanayambe kupsa, ndipo banja lopanda ndalama yolembera aganyu limadalira ana ake. Kuwonjezera apo, sukulu za m'mafamu zinali pa nthaka ya eni ake, pansi pa makhonsolo a alimi akuluakulu amene sanaphatikizidwe ndi makhonsolo a kumidzi mpaka 1993, ndipo zambiri mwa zing'onozing'ono sizinalembetsedwe ku unduna, kotero kuti mlangizi wa remedial analibe chifukwa chozifikira. Chaka cha kalatayo ndi chomwenso zigawenga za RENAMO za ku Mozambique zinayamba kudumpha malire ndi kuukira midzi, mafakitale a tiyi ndi sukulu za ku Chipinge ndi ku Honde, ndipo mpaka mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa mu Okutobala 1992, panalibe kholo kapena mphunzitsi amene akanafuna kusunga mwana pasukulu dzuwa likupita kukalowa.

Chopinga chozama kuposa zonsezi chinali m'kayezedwe momwemo. Ndondomeko ya 1987 inkafunafuna vuto mwa mwana: chilembo chimene amachitembenuza, sitepe ya masamu imene anaiphonya. Koma mwana wa pa esiteti kawirikawiri ankatsalira chifukwa cha zinthu za kunja kwa mutu wake, ndipo chimodzi mwa izo chinali chiyankhulo. Kuyambira pa lipoti la Clement Doke la mu 1931, Chindau ndi Chimanyika zinawerengedwa ngati nthambi za Chishona, ndipo Chishona cha m'mabuku chinatsamira pa kalankhulidwe ka madera ena, kotero kuti ngakhale mwana wa Mndau ankapeza m'buku la Giredi 1 mawu amene agogo ake sawanena. Kwa mwana wa banja lochokera ku Malawi kapena ku Tete mtunda unali wautali kuposa apo, pakuti Chichewa chinatsalira m'nyumba, ku dambwe la gule wamkulu, ku mzikiti ndi ku mapemphero a CCAP, mpingo umene chiyambi chake m'dzikolo chili mu utumiki wa amishoni kwa anthu a ku Nyasaland wa mu 1912, koma m'kalasi sichinalowe. N'zoona kuti adzukulu a matchona ambiri anakula akulankhula Chishona bwino lomwe, ndipo n'kulakwa kuwaona onse ngati alendo pa chiyankhulo. Koma pa esiteti, pamene antchito atsopano ankafika chaka ndi chaka ndi kuchoka nyengo yothyola ikatha, m'kalasi simunkasowa ana ophunzira kuwerenga m'chiyankhulo chachiwiri pamene akuyembekezeka kulemba mayeso m'chachitatu. Mwana wotere akayezedwa ankaoneka wofooka pa maphunziro onse, ndipo poti remedial inali ya wofooka pa phunziro limodzi, muyeso womwewo unkamutsekera kunja.

Panalinso nkhani ya mapepala. Kuti mwana apeze chiphaso cha kubadwa pankafunika zitupa za makolo, ndipo antchito ambiri a m'mafamu analibe, kapena anali ndi chitupa chodindidwa kuti mwini wake ndi mlendo ngakhale anabadwira m'dzikomo. Sukulu zambiri zinkafuna chiphasocho polembetsa mayeso a Giredi 7, ndipo mwana amene akudziwa kuti sadzalemba mayeso alibe chomulimbitsa mtima kuti atsale masana kubwereza masamu. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunakulitsa vutoli pochotsera unzika anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo linayamba kuchepa pokhapokha malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Malamulo omwewo anaika Chichewa, Chindau ndi Chibarwe m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka, ngakhale kuvomereza chiyankhulo ndi kusindikiza mabuku ake a Giredi 1 ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Zaka za m'ma 1990 zinabwera ndi ndondomeko ya chuma ya ESAP, imene inabweza mtolo wa zolipira kwa makolo. Komishoni ya Caiphas Nziramasanga ya mu 1999 inaunika maphunziro onse a dzikolo, ndipo mu 2001 boma linayambitsa BEAM, thumba lolipirira ana amasiye ndi osauka fizi ndi ndalama za mayeso, amene amasankhidwa ndi komiti ya m'dera lawo. BEAM imasunga mwana pa benchi, siimuphunzitsa kuwerenga, ndipo boma lakhala likuchedwa kwa zaka kulipira sukulu ndalamazo. Kulanda minda kumene kunayamba mu 2000 kunabalalitsa antchito a m'mafamu ambirimbiri pamodzi ndi ana awo, ndipo ngakhale minda ikuluikulu ya tiyi ya makampani inapitiriza kugwira ntchito, munda wa boma wa Katiyo unalowa pansi.

Kugwa kwenikweni kunadza mu 2008. Boma lenilenilo linavomereza kuti mu Julaye chaka chimenecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi 231 miliyoni peresenti, malipiro a mphunzitsi sankakwana ngakhale ulendo wokawatenga, aphunzitsi masauzande anachoka kupita ku South Africa ndi ku Botswana, ziwawa za chisankho zinathamangitsa ena m'sukulu za kumidzi, ndipo kolera amene anabuka chaka chimenecho anapha anthu oposa 4,000. Kumayambiriro kwa 2009 bungwe la UNICEF linanena kuti sukulu 94 mwa 100 zilizonse za kumidzi zinali zisanatsegulidwe. Boma la mgwirizano litayamba, nduna ya zamaphunziro David Coltart inakhazikitsa thumba la Education Transition Fund, limene mu 2010 linagula mabuku okwana 13 miliyoni a pulayimale, ndipo inalola kuti makolo aziwonjezera aphunzitsi kangachepe. M'zaka zomwezo maphunziro apadera olipira, amene ku Malawi amadziwika kuti pataimu, anakula kwambiri: mphunzitsi ankasonkhanitsa ana masana, Loweruka kapena pa holide, aliyense atabwera ndi dola yake. Uku kunali kusamutsa thandizo la mwana wotsalira kuchoka m'manja mwa boma kupita pa msika, ndipo pa msika wothyola tiyi, amene malipiro ake ali m'gulu la otsikitsitsa m'dzikolo, sangapikisane ndi wa sitolo wa pa Hauna ku Honde kapena wa m'tauni ya Chipinge.

N'chinthu choyenera kuchizindikira kuti njira yabwino koposa imene Zimbabwe yayesapo pa vutoli inabadwira m'chigawo cha Manicaland chomwechi. Sukulu zitatsegulidwanso, ana anangokwezedwa makalasi ngati kuti zaka zotayikazo anaphunzira, ndipo aphunzitsi ankaphunzitsa silabasi ya Giredi 6 kwa ana amene maphunziro awo anaimira pa Giredi 3. Akuluakulu a zamaphunziro m'chigawocho, pamodzi ndi katswiri wa zamaganizo a ana Elliott Nkoma ndi anzake, anayeza ophunzira ndi mayeso a ku America otchedwa Wide Range Achievement Test ndipo anapeza kuti ambiri anali atatsalira ndi zaka zingapo, mpatawo n'kumakula mwana akamakwera kalasi. Pa zimenezi panamangidwa ndondomeko ya Performance Lag Address Programme, mwachidule PLAP, imene inakhazikitsidwa ku Manicaland mu Okutobala 2012 ndipo kenako inafalikira dziko lonse mothandizidwa ndi ndalama zokwana 23.6 miliyoni za America zochokera ku Global Partnership for Education, zimene zinalipiriranso ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira.

PLAP inasiyana ndi remedial pa maziko enieni. Inayambira pa mfundo yoti mwana watsalira chifukwa sanaphunzitsidwe, osati chifukwa ali ndi chilema, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kupeza pamene mwanayo anakhozera komaliza ndi kuyambira pamenepo. M'kalasi imodzi ya Giredi 5 ana ankagawidwa m'magulu motengera pamene aliyense waima: gulu lina likuwerengera ndi timiyala kapena zitsekerero za mabotolo pophunzira kuphatikiza, lina likulimbana ndi kuchulukitsa, lina likugwira ntchito ya Giredi 5 yeniyeni, mphunzitsi n'kumazungulira ndi kope lolembamo mmene mwana aliyense akusunthira. Popeza inali ya kalasi yonse ndi ya mphunzitsi wa kalasiyo, sinkasankha wofooka pa phunziro limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba mwana wa pa esiteti, amene anataya teremu pothyola tiyi kapena posamuka ndi makolo, analongosoledwa molondola ndi ndondomeko ya boma. Zofooka zake zinalipo. Mayeso opangidwira ana olankhula Chingerezi ku America sangalekanitse bwino mwana wosadziwa kuwerenga ndi mwana wosadziwa Chingerezi, ndipo aphunzitsi ankadandaula kuti apatsidwa makalasi atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi, ndi mulu wa zolembalemba, pamene mayeso a boma a ZIMSEC ankafunsabe silabasi ya Giredi 7 yathunthu. Mphunzitsi wa ana 50 amene akuyezedwa ndi chiwerengero cha okhoza mayeso amakakamizika kuthamanga ndi a kutsogolo, ndipo kumunena kuti ndi waulesi n'kusamumvetsa.

Mu 2013, chaka chotsatira kukhazikitsidwa kwa PLAP, dongosolo la earn and learn linathetsedwa. Zimbabwe inali itavomereza mu 2000 mapangano a bungwe la zantchito la padziko lonse la ILO a nambala 138 ndi 182 oletsa kugwiritsa ana ntchito, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa ana pamodzi ndi misika ya kunja sankafunanso tiyi wothyoledwa ndi ana a sukulu. Kuthetsako kunali ndi zifukwa zomveka, koma kunachitika popanda chinthu china choti chilowe m'malo, ndipo ophunzira ambiri amene ankadzilipirira okha anabwerera kumidzi, kumene ntchito imene anakaipeza inali yopanda sukulu iliyonse. Mu 2014 nduna yatsopano, Lazarus Dokora, inaletsa ndalama zowonjezera za aphunzitsi ndiponso maphunziro olipira a masana ndi a pa holide, ponena kuti aphunzitsi ena ankasunga dala phunziro kuti akaligulitse masana. Chifukwacho chinali choona, koma chiletsocho sichinabwere ndi mphunzitsi wolipidwa ndi boma woti agwire ola lomwelo, ndipo maphunzirowo anangosamukira m'nyumba za anthu. M'zaka ziwiri zokha masana a mwana wa ku Chipinge anamasulidwa ku dengu la kampani ndi ku dola ya mphunzitsi, koma palibe amene anawatenga kuti awagwiritse ntchito yomuphunzitsa.

Namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anagumula makalasi, milatho ndi misewu ku Chimanimani ndi ku Chipinge, ndipo patangotha chaka, pa 24 Malichi 2020, sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, mpaka kumapeto kwa Seputembala pamene makalasi a mayeso anayamba kubwerera. Unduna unaika maphunziro pa wayilesi ndi pa intaneti, njira zimene zinathandiza ana a m'tauni koma zinali zovuta kufika m'zigwa za m'malire ndi m'nyumba zopanda foni yamakono. Okhoza mayeso a Giredi 7 anatsika kuchoka pa 46.9 peresenti mu 2019 kufika pa 37.11 peresenti mu 2020, ndipo ndondomeko yothandiza ana kupezana ndi anzawo imene unduna unatulutsa pambuyo pake inabwerera ku mfundo ya PLAP yomwe ija, yoyambira pamene mwana waima.

Lero malamulo ofunikira alipo pafupifupi onse: ndime 75 ya malamulo aakulu a 2013 imapereka ufulu wa maphunziro oyambira olipiridwa ndi boma, lamulo la ntchito la mu 2015 linakweza zaka zoyambira ntchito kufika pa 16, ndipo kusintha kwa lamulo la maphunziro mu 2020 kunaletsa kuthamangitsa mwana chifukwa cha fizi kapena mimba. Chimene chikusowabe ndi ola lolembedwa pa ndondomeko ya tsiku la sukulu, mphunzitsi wolipidwa pa ola limenelo, phala loti mwana amwe asanatsalire masana, ndi kalembera wa ziphaso zakubadwa wofika m'komboni momwemo. Funso lomweli likuyenera kufunsidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene ana a abale a matchona aja akuphunzira m'mphepete mwa mizere ya tiyi yofanana. Ziphaso za malonda zimene ogula akunja amafuna zimafufuza ngati m'munda muli mwana, koma sizifufuza ngati mwana wochotsedwa m'mundayo akudziwa kuwerenga. Eni minda amene anakwanitsa kumanga sukulu ndi nyumba zogona pamene ankafuna manja a ana sangalephere kulipira mphunzitsi mmodzi wa masana pa sukulu iliyonse ya pa esiteti tsopano pamene manjawo sakuwafunanso.